Chaka Chimodzi ku Ireland: Nanga Dzalanyama Apindulapo Chiyani?

Tambala wachiwiri asanalire, msewu wa Mitundu umakhala utadzuka kale.

Njinga zimatulukira mumdima motsogozana. Iliyonse yasenza matumba a makala atatu kapena anayi, omangidwa ndi zingwe za mphira pakaliyala, lapamwamba litapitirira mutu wa mwini njingayo. Pachitunda palibe amene amapalasa. Amatsika n'kuyamba kukankha, chifuwa chitagunda handulo, thukuta lili kamukamu ngakhale kuli chisanu cha mwezi wa Juni.

Katunduyo wachokera ku Dzalanyama. Akupita ku mbaula za mumzinda wa Lilongwe.

Dzuwa likawala pa phiri la Bunda, msewu womwewo umasintha anthu. Maminibasi ochokera m'tauni amatsitsa anyamata ndi atsikana a zikwama kumsana pa geti la Bunda, likulu la yunivesite ya zaulimi ndi zachilengedwe ya LUANAR. M'makalasi mwawo muli maphunziro a nthaka, mbewu, ziweto, nsomba ndi nkhalango.

Ena akukaphunzira za nkhalango. Ena akukaigulitsa.

Amadutsana tsiku ndi tsiku pamsewu umodzi.

Chaka chikafika pakati, uthenga wina umayamba kuzungulira pa WhatsApp, m'magulu a omwe anamaliza maphunziro ku Bunda, a alangizi, a anamwino ndi a aphunzitsi: dziko la Ireland latsegulanso mwayi wa digiri yachiwiri, chaka chimodzi, zonse zolipiriridwa. Nthawi yomweyo mafunso amachuluka. Akufuna anthu otani? N'zoona kuti salipiritsa? Kumazizira motani? Nanga munthu angathe kutsalira komweko?

Pali funso lina limene silimveka kawirikawiri, koma ndilo likukhudza anthu a m'midzi ya Mitundu, Nathenje ndi Malingunde. Mwana wa kuno akakakhala chaka ku Dublin, ku Cork kapena ku Galway, amabwerako ndi chiyani chimene dera lino lingagwiritse ntchito?

Khomo lake

Mwayiwu dzina lake ndi Ireland Fellows Programme. Boma la Ireland linayamba kupereka maphunziro a mtunduwu mu 1974, ndipo Malawi ndi limodzi mwa mayiko a mu Africa amene nzika zake zimaloledwa kupikisana nawo. Ndalama zimachokera ku Irish Aid, thumba la boma la Ireland lothandizira chitukuko m'mayiko ena. Kuno kwathu nkhaniyi imadzera ku ofesi ya kazembe wa dzikolo ku Lilongwe, imene inatsegulidwa mu 2007. Wophunzira akatera ku Dublin, amene amamulandira ndi kumuyang'anira ndi a bungwe la Irish Council for International Students.

Wosankhidwa amamulipirira fizi, tikiti ya ndege popita ndi pobwera, malo ogona ndi inshuwalansi ya zaumoyo. Amalandiranso ndalama yodyera mwezi ndi mwezi.

Koma khomolo ndi lopapatiza.

Pamafunika digiri yoyamba yokhoza bwino. Pamafunika zaka zingapo za ntchito yogwirizana ndi zimene munthu akufuna kukaphunzira. Amene ali kale ndi digiri yachiwiri saloledwa. Pali mafomu odzaza, mayeso a Chingerezi, ndi kukaonekera pamaso pa ofunsa mafunso. Kuchokera tsiku lolembera kufika tsiku lokwera ndege pa bwalo la Kamuzu, pamadutsa chaka chathunthu.

Malamulo ena awiri amawadzidzimutsa ambiri. Banja silipita nawo. Ndipo maphunziro akatha, munthu ayenera kubwerera kwawo.

Wofuna kudzilipirira yekha ayenera kukhala wa thumba lakuya. M'mayunivesite akuluakulu a ku Ireland, fizi ya digiri yachiwiri kwa wochokera kunja kwa European Union nthawi zambiri imapyola mayuro 15,000 pachaka. Kuti apatsidwe viza, ayeneranso kusonyeza mayuro 10,000 odyera ndi olipirira nyumba. Pa mtengo wa kubanki, pamene yuro imodzi ili pafupifupi K2,000, zonsezi pamodzi zikufika pa K50 miliyoni. Ndipo aliyense amene wapemphapo ndalama zakunja kubanki masiku ano akudziwa kuti kukhala ndi makwacha ndi nkhani ina, kupeza mayuro ndi inanso.

Kwa mwana wa mlimi wa fodya ndi mtedza wa kwa Chadza kapena kwa Masula, njira ndi imodzi: sikolashipu.

Dziko limene linaidziwa njala

Bwanji Ireland, osati Britain kapena America?

Ireland ndi dziko laling'ono. Kukula kwake sikufika pa Malawi, ndipo kalembera wawo wa 2022 anapeza anthu 5.1 miliyoni, pamene wathu wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni. Lero ndi dziko lolemera. Koma mbiri yake Mmalawi amaimva msanga.

Linalamulidwa ndi Britain kwa zaka mazanamazana. Minda yabwino inali m'manja mwa eni malo ochepa, ena a iwo okhala ku England, pamene alimi wamba ankachita lendi timinda ting'onoting'ono n'kumadalira mbewu imodzi: mbatata ya kachewere.

Mu 1845 chiwawu chinagwa m'minda. Mbatata inaolera m'nthaka, chaka chino, chaka chamawa, ndi china. Pofika 1852 anthu pafupifupi 1 miliyoni anali atafa ndi njala ndi matenda, ndipo enanso oposa 1 miliyoni anali atathawira kunja pa zombo. Nthawi yonseyo ng'ombe ndi mbewu zina zinkatulukabe m'madoko kukagulitsidwa ku Britain.

Njalayo isanagwe, chilumbacho chinali ndi anthu oposa 8 miliyoni. Mpaka lero chiwerengero chimenecho sichinabwerere.

M'mphepete mwa mtsinje wa Liffey ku Dublin, pa Custom House Quay, pali ziboliboli za mkuwa zimene Rowan Gillespie anaumba, zoimikidwa mu 1997. Ndi anthu ataliatali, masaya atalowa, nsanza zili lendelende, akuyenda molefuka kulowera kudoko. Mmodzi wanyamula mwana wopanda mphamvu pamapewa. Galu wowonda akuwatsata pambuyo.

Amene agogo ake anamusimbira za njala ya 1949, kapena amene anaona yekha anthu akudya madeya ndi zitsa za nthochi mu 2002, akaima pamenepo safunika womufotokozera.

Mbiri imeneyi ndiyo imachititsa kuti thandizo la Ireland kuno litsamire pa chakudya ndi kadyedwe. Bungwe la Concern Worldwide linafika m'Malawi pa njala ya 2002. Kuyambira 2009, Irish Aid inathandiza kufalitsa mbatata ya kholowa yofiira m'kati, ya vitamini A, kudzera ku International Potato Center. Inagwiranso dzanja boma pa ntchito ya mbaula zosatha nkhuni monga ya Chitetezo, dziko lino litadziikira cholinga mu 2013 choti mbaula zotere zifike 2 miliyoni pofika 2020. Ku Balaka ndi ku Ntcheu, ndalama za Ireland zakhala zikulowa mu Mtukula Pakhomo.

Maphunziro amene munthu wa ku Bunda angawafune ali mumzere womwewo. University of Galway ili ndi digiri yachiwiri ya kusintha kwa nyengo, ulimi ndi chakudya chokwanira. University College Cork ili ndi ya ndondomeko za chakudya. University College Dublin ili ndi sukulu yaikulu ya zaulimi pamodzi ndi famu yake ya kafukufuku ya Lyons. Trinity College Dublin, imene inakhazikitsidwa mu 1592, imaphunzitsa za chitukuko ndi za umoyo wa anthu padziko lonse.

Mdima wa 4 koloko

Ndege yolunjika ku Dublin kulibe. Munthu amadzera ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, n'kukasinthanso ina patsogolo.

Amafika kumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala. Kuno wasiya fumbi ndi moto wolusa m'tchire. Kumeneko wapeza udzu uli biriwiri, kunja kukuwalabe mpaka madzulo ndithu.

Kenako masiku amayamba kufupika.

Pofika Disembala dzuwa limatuluka itadutsa 8:30 m'mawa, ndipo 4 koloko masana ikangokwana, kumayamba kuda. Mvula yake si yathu ija ya mabingu, yogwa n'kukata. Ndi chiperoni chosatha, chowaza cham'mbali chifukwa cha mphepo ya kunyanja ya Atlantic, makamaka ku Galway. Ambulera imatembenuzika m'manja. Chofunika ndi jekete losalowa madzi.

Munthu amapita kukalasi kuli mdima, n'kubwerako kuli mdima. Nthawi yomweyo akumudzi akutumiza zithunzi za chimanga chofika m'mawondo ndi mbale ya ngumbi. Apa m'pamene kusowa kwanu kumaluma. Mayi amene wasiya mwana kwa agogo ake ku Nathenje amamuona akukula pa foni, ndipo netiweki ikavuta amagona osamumva mawu.

Vuto lina ndi nyumba. Ireland ili pa mpanipani wa kusowa kwa nyumba umene ukusautsa eni dziko omwe. Ku Dublin si zachilendo kulipira mayuro 700 kapena kuposerapo pamwezi, pa kachipinda kamodzi m'nyumba yogawana ndi anthu osawadziwa. Wa sikolashipu ya boma amapeza malo atamukonzera. Wodzilipirira amasakasaka yekha, ndipo akuba a pa intaneti otsatsa nyumba zoti kulibe amadikirira anthu oterewa.

Wophunzira wochokera kunja kwa European Union ayeneranso kukalembetsa ku ofesi yoona za olowa m'dziko, kumene khadi lokhalira limagulidwa mayuro 300. Lamulo limamulola kugwira ganyu maola 20 pasabata sukulu ili m'kati, ndi maola 40 pa tchuthi chovomerezeka. Ambiri amaipeza m'masitolo, m'makhitchini a malo odyera ndi m'nyumba zosamalira okalamba. Ndalama yake ingathandize pa lendi ndi chakudya. Siingalipire fizi.

Nsima imapezeka. M'masitolo a zakudya za ku Africa, monga a mumsewu wa Moore Street ku Dublin, ufa wa m'mapaketi ulipo. Koma nkhwani wotendera ndi chisoso munthu amangozilota. Bungwe la Association of Malawians in Ireland limasonkhanitsa Amalawi a kumeneko pa zisangalalo ndi pa zovuta zomwe, ndipo mlendo wochenjera amalifunafuna sabata zoyambirira.

Anthu a ku Ireland amadziwika ndi macheza. Amakamba za nyengo ndi munthu wosamudziwa, ndipo potsika basi amathokoza dalaivala. Chingerezi chawo n'chothamanga, makamaka cha ku Cork, moti ngakhale wokhoza bwino mayeso amayamba wapempha kuti abwereze. Komabe si onse amene amakondwera ndi alendo. Mu Novembala 2023 pakati pa mzinda wa Dublin panabuka zipolowe zosonkhezeredwa ndi odana ndi obwera, mabasi anatenthedwa, masitolo anathyoledwa. Munthu wakuda wopita kumeneko ayenera kudziwa zonse ziwiri.

Mphunzitsi womutchula dzina

Digiri yachiwiri ku Ireland nthawi zambiri imatenga miyezi 12: masemesita awiri a makalasi, kenako miyezi ya chilimwe chawo yolemba kafukufuku.

Chodabwitsa choyamba ndi ulemu wake. Pulofesa wa imvi amafuna umutchule dzina lake loyamba. Kwa munthu amene anakula akunena kuti "bwana", "a Dokotala", "a Pulofesa", lilime limayamba lakana.

Chachiwiri n'chakuti palibe wokulembetsa manotsi. Amakupatsa mndandanda wa zowerenga, laibulale ili apo, magazini a kafukufuku a dziko lonse ali pa kompyuta, intaneti ndi magetsi sizithima. Ukabwera m'kalasi akufuna maganizo ako, ndipo ukamutsutsa mphunzitsi ndi umboni amakondwera. Ntchito yolemba imadutsa m'makina ofufuza zokopera. Kutenga ndime ya wina osamutchula ndi mlandu woti ungathetse maphunziro.

Chachitatu chimabwera mochedwerapo, koma ndicho chachikulu.

Pa zokambirana za m'magulu, mlangizi wa ku Mitundu amazindikira kuti nayenso wabwera ndi chuma. Amadziwa chimene mlimi amachita feteleza akachedwa. Anaona kaufiti akutha munda. Anatolapo mbozi za ntchemberezandonda mu nsonga ya chimanga m'mawa kuli mame. Amadziwa chifukwa chake mayi wamasiye amagulitsa soya wake kwa mavenda pa sikelo yokayikitsa m'malo modikira mtengo wabwino. Anzake ena m'kalasimo zimenezi anangoziwerenga.

Amene amapindula kwambiri ndi chaka chimenechi ndi amene wapita ndi funso la kwawo m'thumba.

Zokatenga kumeneko

Dzalanyama ali ndi mafunso okwanira.

Mu 1922, chaka chimene Ireland anayamba kudzilamulira, boma la atsamunda ku Nyasaland linakhazikitsa Dzalanyama kukhala nkhalango yotetezedwa. Ndi mahekitala pafupifupi 99,000 a mombo, mtondo ndi misuku, m'malire a Malawi ndi Mozambique. M'menemo ndi mochokera mitsinje ya Lilongwe, Likuni ndi Diamphwe. Madamu a Kamuzu ku Malingunde, amene amamwetsa likulu la dziko, amadalira mapiri amenewa. Kwa Achewa ndi malo a Kaphirintiwa, kumene makolo amati anthu oyamba anasiya mapazi awo pamwala.

Mu 2015 boma linatumizako asilikali. Makala akutulukabe, chifukwa mzinda ukuphikabe. M'dziko lino mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala.

Ireland anayendapo njira imeneyi mpaka kumapeto kwake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, nkhalango inali itatsala pa gawo limodzi lokha mwa magawo 100 a dziko lonselo. Lero yadutsa pang'ono magawo 11. Zatenga zaka 100, boma likubzala ndiponso likulipira alimi kuti abzale.

Ndipo chimene chabwerera si chimene chinapita. Pafupifupi theka la nkhalango yawo ya lero ndi mtengo umodzi wa matabwa wochokera ku North America, wotchedwa Sitka spruce. Ku Leitrim anthu akhala akudandaula kuti minda ya mitengoyi yazinga midzi ndi mdima, yatenga malo a ulimi. Wophunzira za nkhalango akaona zimenezi amabwera akudziwa kuti paini ndi bulugamu angapereke matabwa ndi milimo, koma sangabweze bowa, masuku, uchi ndi akasupe a m'nkhalango yachilengedwe. Kuteteza imene ilipo n'kotchipa kuposa kudzutsa imene yafa.

Phunziro lachiwiri lili kukhitchini. Anthu a kumidzi ku Ireland ankaphikira dothi lakuda la m'madambo, limene likakumbidwa n'kuumitsidwa limayaka. Chimene chinasintha moyo wawo ndi ntchito yofikitsa magetsi kumidzi, imene inayamba mu 1946 n'kutenga zaka pafupifupi 30. Ankayenda parishi ndi parishi, khomo ndi khomo, kulemba mabanja ofuna kulumikizidwa. Nkhalango ya Dzalanyama idzapuma tsiku limene mayi wa ku Area 36 kapena ku Kawale adzapeze chophikira china chimene thumba lake lingakwanitse, ndipo wowotcha makala adzapeze kwina kopezera ndalama.

Lachitatu ndi ulangizi. Ku Ireland bungwe limodzi la boma, Teagasc, lokhazikitsidwa mu 1988, limagwira ntchito zitatu pamodzi: kafukufuku, ulangizi ndi kuphunzitsa alimi. Alimi amakumana m'timagulu, lero pa famu ya uyu, mwezi wamawa pa ya wina, kuyerekeza mkaka, msipu ndi ndalama zimene aliyense walowetsa ndi kupeza. Kuno kafukufuku ali ku Chitedze, maphunziro ali ku Bunda, mlangizi ali kumudzi ndi njinga yake, akuyang'anira mabanja oposa 1,000. Nzeru ilipo. Msewu woiyendetsa ndiwo uli ndi maenje.

Lachinayi ndi makopaletivi. Mu 1889 alimi a ku Dromcollogher, m'boma la Limerick, anatsegula malo awoawo okonzera mkaka, ndipo Horace Plunkett anafalitsa ganizoli m'dziko lonselo. Batala wa Kerrygold, amene lero akugulitsidwa m'mayiko ambiri, ndi wa makopaletivi a alimi. Mlimi wa ng'ombe ziwiri za mkaka wa ku Lilongwe kapena ku Dedza, amene amapalasa ndi chigubu kupita ku gulu losonkhanitsa mkaka n'kukalandira mtengo woikidwa ndi kampani yogula, angafune kumva mmene anzakewo anafikira pokhala eni fakitale.

Si zonse zimene zingasamutsidwe. Famu ya ku Ireland ndi ya mahekitala oposa 30, pamene mlimi wathu wamba salima ngakhale hekitala yathunthu. Mvula yawo imagwa chaka chonse. Chilowereni m'gulu la mayiko a ku Ulaya mu 1973, alimi awo akhala akulandira thandizo la ndalama zochuluka. Ndipo kuchuluka kwa ng'ombe ndi feteleza kwayamba kuwaipitsira mitsinje. Wopita kumeneko sakupita kukakopera. Akupita kukaphunzira kufunsa, kuyeza ndi kusankha.

Chenjerani ndi madobadoba

Pamene pali ludzu la kunja, ochenjera sasowa.

Mpaka 2015, Amalawi ankalowa ku Ireland popanda viza, ndipo achinyamata ambiri anapita kukalembetsa m'makoleji ang'onoang'ono oyendetsedwa ngati bizinesi. Kuyambira 2014, makoleji oterewa oposa 10 anatsekedwa motsatizana. Ophunzira ochokera m'mayiko osiyanasiyana anapeza zitseko zokhoma, fizi atalipira kale, chilolezo chawo chokhalira m'dziko chili pachiswe.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Lero viza ikufunika, ndipo boma la Ireland limasindikiza mndandanda wa masukulu ndi maphunziro amene mlendo angapatsidwire chilolezo. Sukulu imene palibe pa mndandandawo ndi yoithawa.

Sikolashipu ya boma la Ireland sigulidwa. Palibe munthu pa Facebook kapena m'kaofesi ka m'tauni amene ali ndi malo ake apadera ogulitsa. Wina akanena kuti mutumize ndalama pa foni kuti dzina lanu lilowe, ameneyo akufuna ndalama yanu basi. Banja lisagulitse ng'ombe kapena dimba lisanafunse ku ofesi ya kazembe.

Amene uthenga suwafika

Kuchokera ku Mitundu kufika ku ofesi ya kazembeyo ndi ulendo wosakwana maola awiri. Koma mtunda weniweni ndi wautali kuposa pamenepo.

Mafomu amadzazidwa pa intaneti. Wogwira ntchito ku bungwe la mumzinda ali ndi laputopu, intaneti ya kuofesi, ndi mnzake amene anapitako kale woti amuwerengere zimene walemba. Mphunzitsi wa sekondale yoyendera ya kumudzi ali ndi foni, bandulo ya tsiku limodzi ndi magetsi a sola amene amatha usiku usanakule.

Alangizi ambiri a zaulimi ndi ogwira ntchito za nkhalango ali ndi dipuloma, osati digiri. Anthu amene amaidziwa bwino Dzalanyama, amene amadziwa njira za makala ndi mayina a mafumu onse ozungulira, ndi omwewo amene sakwanira pa muyezo woyamba. Kwa iwo, makwerero ayenera kuyambira konkuno: mwayi wokweza dipuloma kukhala digiri ku LUANAR, ndi tchuthi cha maphunziro chochokera kwa owalemba ntchito.

Amayi ali ndi phiri lawo lowonjezera. Kusiya ana chaka chathunthu kumafuna bambo womvetsa, apongozi osadandaula, ndi achemwali kapena amayi oti atsale ndi ana. Mwamuna akapita kunja amati wapita kusukulu. Mkazi akapita, pamakhala ofunsa kuti nanga banja walisiyira yani. Chonsecho kumunda, kudimba ndi kotola nkhuni, ochuluka ndi amayi, ndipo mafunso awo ndiwo akusowa owafufuza.

Ireland yemweyo ali ndi umboni wa chimene chimachitika khomo likakula. Mu 1966 nduna yawo ya maphunziro, Donogh O'Malley, inalengeza sekondale yaulere, imene inayamba chaka chotsatira pamodzi ndi mabasi onyamula ana a kumidzi. Ana a alimi osauka analowa m'kalasi mwaunyinji. Ambiri amene amafotokoza kutukuka kwa dzikolo amayambira pamenepo.

Pobwera

Chaka chimatha msanga. Munthu amatera pa bwalo la Kamuzu ndi masutikesi awiri, digiri, ndi mutu wodzaza.

Abale amayembekezera mphatso ndi thandizo la fizi. Kuntchito amapeza desiki yomweyo, njinga yamoto yomweyo yopanda mafuta, ndipo nthawi zina bwana amene sakondwera ndi wobwera ndi nzeru zatsopano. Posakhalitsa bungwe lina la mumzinda limamuitana ndi malipiro abwino. Palibe angamudzudzule. Koma dera limene linamupatsa funso lija limatsala lopanda yankho, ndipo kafukufuku wake amagona m'kompyuta ya yunivesite ya kutali, m'Chingerezi chimene mlimi sadzachimva.

Siziyenera kutha choncho. Ubale wa mayiko awiriwa waonetsa kale kuti maphunziro amabala zipatso akamangiriridwa ku malo a ntchito. Kuyambira 2011, Royal College of Surgeons in Ireland inagwirizana ndi College of Medicine ya ku Blantyre kuphunzitsa makiliniko ofesa kuchita maopaleshoni m'zipatala za m'maboma. Anthuwo anaphunzira ali pa ntchito yawo, ndipo odwala a kumidzi anathandizidwa pafupi ndi kwawo.

Zomwezo n'zotheka pa ulimi ndi pa nkhalango. Unduna kapena bungwe limene latumiza munthu liyenera kudziwiratu kumene lidzamuike akabwera, ndi zipangizo zoti adzagwiritse ntchito. Wobwerayo ayenera kukaima pamaso pa komiti ya chitukuko cha dera, pamaso pa mafumu ndi makalabu a alimi, n'kufotokoza m'Chichewa chimene anapeza. Ayeneranso kukhala pansi ndi wina wa kumudzi amene akufuna kulembera, n'kumuthandiza kudzaza mafomu mzere ndi mzere. Bunda ili pakati pa dera lino chiyambire m'zaka za m'ma 1960, ndipo ndi malo oyenera kukumanirapo onsewa.

Chilengezo chotsatira chikatuluka, chisathere m'mafoni a ku Capital Hill ndi ku Area 47. Chisindikizidwe papepala, chimatidwe pa khomo la ofesi ya zaulimi ku Mitundu, pa chipatala cha Nathenje, m'chipinda cha aphunzitsi ku Malingunde ndi pa ofesi ya nkhalango ku Dzalanyama. Ndipo amene adzasankhidwe, asanagule jekete la chisanu, adzayambe wakhala pansi ndi alimi ndi mafumu a kwawo, amuuze chimene akufuna akawafufuzire.